Kalasi ya zisudzo ya amayi aja a pa TV: fizi yanga sinapite pachabe koma chitenje changa sichinabwerebe

Chiyikireni kavidiyo kaja ka mwana wanga ali pa siteji atamanga duku ngati gogo, foni yanga sikupuma, wina akufuna nambala, wina akufunsa fizi, wina akuti kodi nzoona kuti anawo akumawatengera pa TV, nde ndati mmalo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la amayiwo sinditchula, a kuno ku Mzuzu ambiri mukuwadziwa kale, komanso pali zina zomwe ndidandaule mmusimu nde si bwino kuti dzina la munthu wamkulu ngati uja lizizungulira m'magulu a WhatsApp chifukwa cha ine.

Ndinakumana nawo ku Zigwagwa mu Febuluwale tonse tikugula mbatatesi. Nditangoona nkhope ndinati ameneyu ndimamudziwa, kaya tinali limodzi ku sukulu kaya ndi wa kumpingo, mpaka ndinawapatsa moni wa chibale, kwacha bwanji, ana ali bwanji, iwo nkungoseka amvekere mayi inu simundidziwa, munangondiona pa TV. Manyazi ake abale. Nthawi imeneyo nkuti wogulitsa uja atawazindikira kale ndipo mulu womwe ine anandiuza K2,000 iwo akuwauza K3,000, akuti anthu a pa TV muli ndi ndalama. Anandiyang'ana nkunena kuti mwaonatu, nkhope ikudziwika dziko lonse koma m'thumba muli pululu. Tikutuluka mu msika ndi pomwe anandiuza kuti masiku ano amaphunzitsa ana zisudzo Loweruka lililonse.

Ine za zisudzo sindinkaziganizirako nkomwe, vuto langa linali lina. Mwana wangayu ali ndi zaka 13, ali Fomu 1, nzeru zilipo koma pakamwa ndiye ayi. Ife kwathu ndi ku Ntcheu, tinasamukira kuno ali Sitandade 5, atayesa kuyankhula Chitumbuka tsiku lina anzake anamuseka, kuyambira pomwepo anangotseka pakamwa olo Chichewa chomwecho amayankhulira pachifuwa, ukamutuma ku okala akamupatsa chenji choperewera amangobwera nacho osanena kanthu. Aphunzitsi ake anandiuza kuti yankho amalemba lolondola m'kope koma akamuloza amangoyang'ana desiki. Nde nditamva za kalasiyi ndinati tiyese, ikakanika ndataya ya mwezi umodzi basi. Bambo ake sanagwirizane nazo, akuti zisudzo sizidyetsa munthu, bola akanapita ku pati taimu ya masamu. Ndinawayankha kuti nanga Manganya, Michael Usi wazisudzo uja, sanakafike pa wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024, iwo akuti ameneyo ndi mmodzi, ena onse ali kuti. Sindinawayankhe, koma ndalama ndinalipira.

Zoti mudziwe msanapite: amakumana mu holo ina ya tchalitchi cha ku Katoto, Loweruka 9 koloko mpaka 12, ife timalipira K15,000 pamwezi, mutha kupereka pamanja kapena kutumiza pa foni. Ana analipo cha m'ma 20, wamng'ono wa zaka 10 wamkulu wa 17, atsikana ndi omwe achuluka. Ife timakhala ku Chibavi nde muwonjezerepo ya kabaza, amene kuno timati sakaramento, kupita ndi kubwera. Chakudya kulibe, mwana azitenga yekha botolo la madzi ndi kachigumu kaya mandasi.

Tsiku loyamba ndinakhala nawo pa benchi ya kumbuyo kuti ndione ndalama yanga ikukathera pati. Kunali kamvula kathu kaja ka kuno kosadziwika kuti kayamba liti katha liti, pa malata kakungoti waaa. Amayi aja sanayambe ndi sewero ayi. Anamutenga mwana wanga nkumuimika pa siteji, iwo nkuyenda mpaka pakhomo la holo, kutuluka kukaima pakhonde, nkumuuza kuti iwe mtsikana, undiuze dzina lako ndi chimene wadya mmawa uno. Mwana anayankhula ine amene ndinali mkati sindinamve kanthu. Iwo ali panja, sindikumva. Kachiwiri, sindikumva. Kachitatu mwana anakuwa ndi mkwiyo mawu mpaka kuthyoka, ndinati basi alira uyu tizipita. Iwo anabwerera mkati mwakachetechete amvekere uko ndi kukuwa, ukatero masiku awiri mawu atha, ine ndikufuna uyankhule. Anamugoneka chagada pa mkeka, kutenga buku la nyimbo lomwe linali pa benchi nkumuika pamimba, akuti puma mpaka bukuli likwere, mapewa asagwedezeke. Ana onse anagona pansi aliyense ndi buku pamimba, holo yonse zii, kumangomveka mvula ndi iwo akuwerenga wani, thu, fili. Mphindi 20 zinathera pa kupuma kokha. Ine mumtima ndikuti K15,000 yanga ikupita ndi mpweya kkkk.

Koma pomaliza anamuimikanso pa siteji paja, iwo pakhonde, ndipo ndinamva ndi makutu anga mwana wanga akunena kuti wadya phala la mgaiwa, osakuwa, mawu akungobwera okha mpaka kumbuyo. Sindikunama, ndinayang'ana kumbali kuti ana asandione m'maso.

Lamulo lawo ndi loti maikolofoni ayi. Akuti anazolowera kusewera m'maholo momwe magetsi amathima sewero lili pakati, nde wosewera amene amadalira maiki ndi wa theka. Amawalumitsa pensulo m'kamwa nkumawawerengetsa ndime ya m'nyuzipepala kuti lilime lizolowere kumaliza mawu, amawaphunzitsa kuti usapatse anthu nkhongo, kuti anthu akaseka uzidikira kuseka kutsike kenako upitirize, apo ayi mawu otsatirawo apita pachabe. China chomwe chinandisangalatsa, samakakamiza Chingerezi. Mwana asankhe yekha, Chichewa, Chitumbuka, Chitonga, bola amve chimene akunena. Iwowo amasinthasintha zonse mu sentensi imodzi. Mwana wanga uja amene anasiya Chitumbuka chifukwa chosekedwa anamupatsa dala mizere iwiri ya Chitumbuka, anzake ataseka iwo anati mwamva? aseka, ndiye kuti wagwira ntchito, pa siteji kusekedwa ndi malipiro. Sindikudziwa kuti zinamulowa bwanji koma pano akumayankha yewo mokweza kwa aneba.

Mphindi 30 zomaliza amakhala pansi ndi anawo nkumawafotokozera za moyo wawo, ndipo kunena zoona gawo limeneli ndi lomwe linandichititsa kuti ndizitsalira Loweruka lina lililonse mmalo mopita kukachapa. Anayambira ku sekondale pa mpikisano wa ATEM, uja wa masewero a Chingerezi wa masukulu, womwewo umene katswiri wa zisudzo uja Du Chisiza Jr anapambana mu 1982 ali mwana wa sukulu ku sekondale ya HHI ku Blantyre. Akuti atamaliza Fomu 4 anapita ku Blantyre kukakhala kwa achemwali awo, Lamulungu masana amasunga ya minibasi nkuyenda wapansi kuti akwanitse ya pakhomo ku French Cultural Centre kukaonera Wakhumbata, gulu lomwe Du anayambitsa mu 1987. Akamanena za Du amawakumbutsa anawo kuti kwawo kunali ku Karonga, musamaganize kuti zisudzo ndi za anthu a kummwera zokha. Koma munthu amene amamutchula pafupipafupi ndi malemu Gertrude Kamkwatira. Du atamwalira mu 1999 Gertrude ndi amene anatsogolera Wakhumbata, kenako anakayambitsa gulu lake la Wanna-Do, amalemba yekha masewero, kuwongolera yekha, kuseweranso yekha momwemo, mpaka anakhala mtsogoleri wa bungwe la azisudzo m'dziko muno asanamwalire mu 2006. Amayiwa akuti kuona mzimayi akulamula azibambo pa siteji nthawi imene ija ndi chimene chinawalimbitsa mtima kuti asasiye, chifukwa kunyumba amangomva kuti mtsikana wa zisudzo sakwatiwa, amagona m'maresiti hausi ndi amuna a eni.

Nkhani ya maulendo ndi yomwe ana amaikonda. Gulu lawo limanyamuka pa minibasi ya hayala, makatani ndi zovala pamwamba, kukasewera ku sukulu yogonera konko Lachisanu usiku, Loweruka pa boma, kugona m'kalasi pa madesiki ophatikiza. Ndalama ya pakhomo ikawerengedwa amayamba achotsa ya holo, ya minibasi, ya mapositala, ya chakudya, yotsalayo ndi yomwe amagawana anthu khumi ndi angapo, pena munthu umabwerera kunyumba ndi ya sopo yokha, pena mvula ikagwa anthu osabwera dalaivala amagwira makatani ngati chikole. Amanena akuseka koma ukawayang'ana bwino si zoseketsa.

Za TV akuti zinabwera mochedwa. Enanu ana a dzana simukudziwa kuti dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999 pomwe TVM inatsegulidwa, kale lonselo zisudzo timamvera pa wailesi, Kapalepale, Sewero la Sabata Ino, banja lonse litazungulira wailesi ya mabatire, wosewera umamudziwa mawu okha ukakumana naye pa msewu sungamuzindikire. Kamera itabwera zinthu zinasintha. Akuti tsiku lawo loyamba kujambulidwa dayilekita anawaimitsa kasanu, mayi chepetsani, mukutokosa kamera ndi maso, chifukwa anazolowera kuti nkhope izioneka kwa munthu wa pa benchi yomaliza. Pa siteji umakulitsa, pa kamera umachepetsa, mawu amenewa mwana wanga amawanena mpaka kubafa.

Mbali yomwe inawatchukitsa inali ya mayi wopeza wankhanza, womana ana chakudya. Inawatchukitsa koma inawapwetekanso. Anatiuza kuti tsiku lina mu minibasi mayi wina wachikulire anakana kukhala nawo mpando umodzi, akuti mfiti iwe ana amasiye aja unawalakwira chiyani, kondakitala kuyesa kufotokoza kuti agogo lija ndi sewero, gogo osamva. Apongozi awo enieni anatenga nthawi kuti awakhulupirire ndi adzukulu. Ndipo ndalama yake? Amalipidwa kamodzi pa gawo lililonse, sewero likabwerezedwa chaka chamawa palibe chimene amalandira, anyamata obena aja akuliika m'mafoni a anthu pa mtengo wa fanta iwo osaonapo olo tambala. Chimene chimawagwira pamimba akuti anali masewero a mabungwe, a Edzi, a katemera, a chisankho, kumidzi pansi pa mtengo, chifukwa kumeneko alawansi imabwera mu envelopu tsiku lomwelo. Kuno anabwerera mayi awo atadwala, ndipo kunyumba kwawo amasoka ndi kugulitsa mafirizesi, samabisa.

Ine ndinayamikira kuti sawanamiza anawo. Mtsikana wina wamkulupo anafunsa kuti anti, nanga ine ndingafike ngati Joyce Mhango Chavula amene anakatenga mphoto ya Africa Magic ku Nigeria mu 2016? Iwo anati ungafike, koma uyambe wakhoza MSCE, ndipo ukhale ndi ntchito ina ya manja, chifukwa pakati pa sewero ili ndi linalo pamatha miyezi isanu ndi umodzi ndipo mimba sidikira. Makolo ena sanakondwe nazo, akuti akuwagwetsa ulesi ana. Ine ndinaona kuti ndi chilungamo.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndithu ndipo zina zinandikwiyitsa.

Nthawi sasunga. 9 koloko yawo ndi hafu pasiti 9, pena 10, ana ali panja pa holo akunjenjemera ndi chisanu cha Juni cha kuno chija, kiyi ali ndi munthu wina amene foni yake siyikupezeka. Kawiri tinapeza holo ili ndi ena, ulendo wina kwaya, ulendo wina anthu akukongoletsa za ukwati, kalasi inachitikira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri, tsiku linalo anangotibweza, ya sakaramento yapita, ndipo palibe anati tibweza tsiku limeneli. Gulu la WhatsApp la makolo amayendetsa ndi mwana wa achemwali awo, mnyamata waulemu ukakumana naye koma uthenga amauona nkukhala chete masiku atatu, kenako Lachisanu 10 koloko usiku nkulemba kuti mawa ana abwere ndi K5,000 ya zovala. Abale, 10 koloko usiku ndiitenga kuti? Lisiti kulibe, amangolemba m'kakope, mwezi wina anandiuza kuti sindinalipire mpaka ndinachita kufufuza uthenga wa pa foni kuwaonetsa. Nde langizo langa, muzitumiza pa foni, osapereka pamanja.

Chachiwiri ndi kapositala kawo kamene kamati ana adzakhala ndi mwayi woonekera pa TV. Miyezi isanu yatha palibe kamera ya TV yomwe ndaiona, phunziro la kamera lenilenilo anachita ndi foni ya mnyamata uja atayitsamiritsa pa mabuku. Phunzirolo linali labwino, ana anadziona okha mmene amagwedezera mutu ngati nkhuku, koma si zimene zinalembedwa. Nditawafunsa amayiwo anati positala analemba si iwo ndipo sanaikonde, chabwino, koma ikadali pa khoma. Amene mukufuna kulipira chifukwa cha mzere umenewo sungani ndalama zanu.

Chachitatu, pakamwa pawo ndi pakuthwa. Ndi anthu a kale aja ophunzitsidwa mokalipiridwa. Kamnyamata kena ka zaka 10 kanaiwala mizere katatu, anakauza pamaso pa anzake kuti mutu wako ndi dengu lobooka, kanalira, sabata yotsatira sikanabwerenso. Ndinawauza pambali kuti mayi, ameneyu ndi mwana, anavomera kuti analakwitsa ndipo anawaimbira makolo ake, koma mwanayo anali atapita basi. Komanso ali ndi ana awo atatu anayi amene amawakonda chifukwa ndi aluso kale, mbali zikuluzikulu zimazungulira pa omwewo. Ngati mwana wanu ndi wofewa mtima kwambiri muyambe mwakhala nawo masabata awiri oyamba muone nokha. Chimbudzi cha pa holopo sindinenapo zambiri, mwana azipita atathana nazo kunyumba.

Sewero lotsekera teremu linachitika kumapeto kwa Julayi, pakhomo K2,000, ndipo apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ntchito ndi ife ongoyankhula. Zonse zomwe zimasokonekera miyezi yonseyi tsiku limenelo zinali m'malo mwake, iwo atavala chakuda, akuyenda kuseri kwa katani osamveka phazi, ana akuwayang'ana chala chokha. Sewerolo analemba ndi anawo, nkhani ya gogo wogulitsa masamba amene mdzukulu wake akumubera ndalama kuti azibetcha mpira pa foni. Mwana wanga anali gogoyo. Anamupaka phulusa m'tsitsi, makala pang'ono m'masaya, chitenje changa chabuluu chija ndinagula ku Taifa chili m'chiuno, akuyenda chowerama dzanja lili pamsana ndendende agogo ake a ku Ntcheu, mpaka bambo ake anandigwira mkono akuti awatu ndi amayi anga awa.

Chapakati magetsi anathima. Holo yonse aaaa, mafoni kuyamba kuwala, ine mtima uli m'mwamba kuti mwana aima. Amayi aja anangotsegula mawindo awiri a m'mbali kuti kuwala kwa madzulo kulowe, osanena kanthu, ndipo gogo wanga anapitiriza pomwe anasiyira, kumukalipira mdzukulu m'Chichewa kenako nkumuthira ya Chitumbuka ija, anthu kugwa nako kuseka, iye nkudikira, kudikira, kuseka kutatsika nkumalizitsa. Ife tinakhala benchi yachiwiri kuchokera kumbuyo ndipo mawu aliwonse anatipeza. Pomaliza makolo anakakamiza amayiwo kuti nawonso achiteko kanthu, anakana kawiri, kenako anangotenga duku la mwana wanga nkumanga, nkhope kusintha pomwepo kukhala mayi wopeza uja wa pa TV, anayang'ana mzere wakutsogolo osayankhula, kamwana kena kanathawira pamiyendo pa mayi ake. Mphindi imodzi yokha, nkumasula duku nkuseka.

Pobwerera bambo ake sanavomere kuti analakwitsa, amuna athuwa satero, anangofunsa kuti teremu inayo iyamba liti ndipo fizi ikhala yomweyo kapena ikwera. Masamu a mwanayu sanasinthe, ali pomwe analili, nde amene mukuganiza kuti zisudzo zikonza lipoti lonse ayi. Koma sabata yatha ndinamutuma shuga ku okala, ndili pakhonde ndinamumva kuchokera kutsidya kwa msewu akuti achimwene chenjichi chaperewera K200, ndipo anabwera nayo.

Tilembetsanso mu Seputembala. Mukamapita mumutengere mwana juzi yokhuthala, holo ija simenti yake imazizira ngati firiji ndipo theka la ola amakhala atagona pansi. Ndipo akakupemphani zovala za sewero musapereke chitenje chomwe mumachikonda, changa chabuluu chija ndafunsa katatu pa gulu, mnyamata uja akungoika chala chokweza m'mwamba.